Mmene tingawathandizire odwala athu a ku mental kusiya fodya

Izi ndikulembera anzanga amene timakhalira kuthandiza anthu odwala matenda a maganizo, manesi, ma clinical officer, ma counsellor, ngakhalenso inu ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene mumawatsata odwalawa mpakana kumudzi akasiya kubwera kudzatenga mankhwala. Nkhani yake ndi ya fodya. Za chamba timafunsa, ndipo timachita kufunsa mwamphamvu, za mowa ndi kachasu timafunsanso, koma ikafika nkhani ya fodya wambayu timangodutsa, chikhalirecho fungo lalowa kale mu ofesi munthu asanakhale n'komwe pampando, zala ziwiri zija zachita chikasu, milomo yada, chifuwa chayambira pa benchi panja paja. Timangolemba CPZ wake, mankhwala aja a chlorpromazine, kulemba deti lodzabweranso, basi wina alowe.

Ine ndimaona kuti chotchinga chachikulu si odwalawo ayi, ndi ifeyo, sitinavomere mumtima kuti iyinso ndi ntchito yathu. Timati munthuyu ali kale ndi mavuto ambiri, ntchito alibe, banja linatha, abale amamusala, nde timulandenso ndudu yake yomwe imamutonthoza? Ndi chifundo chenicheni chimenecho, sindikuchinyoza, koma chikuwapweteka anthu. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amanena kuti anthu odwala matenda aakulu a maganizo monga schizophrenia ndi bipolar amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anzawo, ndipo chowatenga kwambiri si matenda a maganizowo, ndi mtima, sitiroko, mapapo, shuga, khansa, ndipo kwathu kuno onjezanipo TB. Fodya ali pakati pa zonsezi. Nde ngati timalimbana zaka ndi zaka kuti munthu asamamve mawu m'mutu, azisamba, abwerere kumunda, sizingakhale bwino kuti chifuwa chidzamutenge ali ndi zaka 48 ife tisanatsegulepo pakamwa olo kamodzi.

Mantha ena amene timakhala nawo ndi oti akasiya fodya matenda ayambiranso. Apa pali umboni, ndipo ukunena zosiyana. Mu 2014 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku amene anaphatikiza pamodzi akafukufuku 26, ndipo anapeza kuti anthu amene asiya fodya nkhawa, kukhumudwa ndi sitiresi zimatsika poyerekeza ndi amene akupitiriza kusuta, ndipo izi zinali chimodzimodzi kwa amene ali ndi matenda a maganizo ndi amene alibe. Chomwe chimatipusitsa ndi choti nicotine, chinthu cha mu fodya chimene chimabweretsa chibaba, sakhalitsa m'magazi, pakangotha maola awiri theka lake lapita, munthu amayamba kusowa mtendere, kupsa mtima, akayatsa ndudu amamva kuti mtima wakhala pansi nde amati fodya wandichotsa nkhawa, pomwe nkhawayo waibweretsa ndi fodya yemweyo. Zili ngati kukanda mphere, pokandapo pamakoma koma chilonda chikukulirakulira. Odwala ambiri mukawafotokozera chonchi amagwedeza mutu chifukwa amazidziwa m'thupi mwawo.

Nanga zoti sangakwanitse? Ku England anayesa, kafukufuku wake amatchedwa SCIMITAR+ ndipo anatuluka mu 2019, anatenga anthu oposa 500 odwala matenda aakulu a maganizo, ena nkuwapatsa chithandizo chosiyira fodya chochokera kwa ogwira ntchito a mental omwewo amene anaphunzitsidwa, ena nkuwasiya pa chithandizo cha masiku onse. Patatha miyezi 6 amene anasiya ku gulu loyamba anali 14 pa 100 aliwonse, gulu linalo 6. Pofika chaka kusiyanako kunachepa, zomwe zikutiuza kuti munthu osamutaya pakatha miyezi yochepa. Manambalawo si aakulu, zoona, fodya ndi wovuta kwa aliyense, koma taonani kuti amene anasintha zinthu ndi anthu ngati ife tomwe.

Poyambira pake: funsani, ndipo lembani

Mzere ukhale wautali bwanji, funso ili silidya nthawi. Malangizo a WHO a mu 2024 okhudza kusiya fodya amati uphungu wachidule wa masekondi 30 mpaka mphindi 3 umathandiza, bola uziperekedwa nthawi zonse munthu akabwera. Kafunsidwe ndiye nkhani. Mukafunsa kuti "simusuta eti?" yankho mwamupatsa kale, aliyense ayankha kuti ayi. Ine ndimakonda kunena kuti, "Achimwene, aliyense amene amabwera muno ndimamufunsa za fodya chifukwa fodya amasokoneza mankhwala amene tikukupatsaniwa. Inu mumasuta ndudu zingati pa tsiku?" Mukatero saona ngati mukumuweruza.

Musaiwale kuti fodya si ndudu za mu paketi zokha. Ambiri mwa odwala athu ndi a chingambwe chopichira pa pepala la nyuzi kapena la kope, ena amatola zotsala za anzawo pa depoti, amayi ndi agogo ambiri ndi a fodya wa mphuno kapena woika mkamwa kuseri kwa mlomo, ndipo awa mukawafunsa kuti mumasuta amakana ndi mtima wonse chifukwa kwa iwo kumeneko si kusuta. Afunseni mwaulemu, "Mayi, nanga wa mphuno uja mumagwiritsako?"

Funso lachiwiri ndi limene limakuuzani kuti chibaba chake ndi chachikulu bwanji: mukadzuka mmawa pamatenga nthawi yaitali bwanji kuti muyatse yoyamba? Amene amayatsa mphindi 30 zisanathe, makamaka uja amayatsa asanasukusule n'komwe kapena amadzuka pakati pa usiku kuti akokeko, ameneyo fodya wamugwira kwambiri ndipo adzafunika chithandizo chochuluka, mawu okha sakwana. Zimenezi lembani mu health passport, pa tsamba lomwelo la mankhwala, kuti mnzanu amene adzamuone mwezi wamawa adzapitirize pomwe mwasiyira.

Kenako muuzeni mosapsatira kuti asiye, koma mulumikize ndi moyo wake

Zoti fodya amayambitsa khansa anazimva kale, sizimugwedeza. Fufuzani chimene chimamupweteka iyeyo. Wina ndi ndalama, nde werengani naye limodzi pa pepala, ndudu zingati pa tsiku, imodzi akugula bwanji pa okala, pa mwezi zikukwana zingati, pa chaka bwanji, ndipo musiyeni atchule yekha chimene akanagula ndi ndalamayo, kaya ndi feteleza kaya yunifolomu ya mwana. Wina ndi chifuwa chimene sichikutha, kapena anamwapo kale mankhwala a TB ndipo safuna kubwererako. Wina ndi ana amene amagona nawo chipinda chimodzi. Anyamata ambiri nkhani ya mphamvu za m'banja imawakhudza kwambiri, ndipo ndi zoona kuti fodya amawononga mitsempha ya magazi ya kumeneko, kuwonjezera pa vuto lomwe mankhwala athu ena amabweretsa kale. Ndipo pali mfundo ina imene odwala athu amaikonda zedi, yoti akasiya fodya mwina dozi ya mankhwala ikhoza kutsika. Ndibwerako ku mfundo imeneyi chifukwa ndi yaikulu.

Muuzeninso zabwino zobwera msanga, osati za zaka 20 kutsogolo. Pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umabwerera mwakale, pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayamba kuyenda bwino mapapo nkumakoka mpweya bwino, pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka poyerekeza ndi amene akusutabe.

Akakana musalimbane naye. Mufunseni chimene amakonda pa fodya, mumvetsere ndithu, kenako mumufunse chimene chimamunyansa pa fodya yemweyo. Ambiri amayamba okha kunena kuti amanditha ndalama, akazi anga amadandaula fungo. Mukatero muuzeni kuti tsiku limene mudzafune ine ndilipo, ndipo mwezi wamawa ndidzafunsanso. Nkudzafunsadi. Munthu amene ali pakati pa kudwala kwambiri, sakugona, akuona zinthu, kapena akuganiza zodzipha, ameneyo muyambe mwamukhazika kaye pansi, nkhani ya tsiku losiyira idikire akhale bwino. Koma kudikira kwake kusakhale kwa muyaya, akangokhazikika yambitsani.

Nkhani ya mankhwala, apa ndiye tidekhe

Ichi ndi chifukwa chake ndimanena kuti ntchitoyi ndi yathu osati ya wina aliyense, chifukwa ife ndi amene timadziwa zimene munthuyu akumwa. Utsi wa fodya uli ndi zinthu zimene zimafulumizitsa chiwindi, makamaka enzyme yotchedwa CYP1A2 imene imaphwanya mankhwala m'chiwindimo, nde mankhwala ena amaphwanyidwa msanga nkutuluka m'thupi asanagwire bwino ntchito. Chonde gwirani ichi: wochita zimenezi ndi utsi, si nicotine. Tanthauzo lake ndi loti munthu amene wasiya kusuta nkuyamba kumata chigamba cha nicotine pa khungu kapena kutafuna chingamu cha nicotine, chiwindi chake chimabwererabe mwakale, ndipo mankhwala amakwerabe m'magazi.

Mwa mankhwala athu, amene utsi umawasokoneza kwambiri ndi clozapine ndi olanzapine. Haloperidol, chlorpromazine, fluphenazine ya jakisoni ija timati Modecate, ndi amitriptyline nawonso amakhudzidwa koma pang'ono poyerekeza ndi awiri oyambawo. Risperidone, lithium ndi sodium valproate utsi suwasokoneza kwenikweni. Munthu akangosiya kusuta chiwindi chimayamba kubwerera m'masiku ochepa chabe, pofika sabata imodzi dozi yomwe ija imene inali yomukwana ikhoza kukhala yomupitirira. Mudzaona akugona usana wonse, chizungulire akaimirira, dovu kuchucha, thupi kuuma, manja kunjenjemera, ndipo kwa wa clozapine zikhoza kufika pokomoka ngati wa khunyu kapena kudzimbidwa koopsa kofuna chipatala msanga. Malangizo a ku UK amati kwa clozapine dozi itsitsidwe pang'onopang'ono ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi mkati mwa sabata yoyamba uku akuyeza mulingo wake m'magazi, ndipo kwa olanzapine aganizirenso zotsitsa chimodzimodzi. Kwathu kuno kuyeza mulingo wa mankhwala m'magazi si chinthu chopezeka wamba, nde maso athu ndiwo makina athu: muoneni munthuyo sabata yoyamba isanathe, muyezeni BP atakhala komanso ataimirira, mufunseni za tulo ndi za kuchimbudzi, ndipo ngati si inu wolemba mankhwala kambiranani ndi dokotala kapena clinical officer tsiku losiyira lisanafike, osati zitavuta kale. Wodwala ndi gadiyani auzidwe momveka kuti asadzichepetsere okha mapilisi.

Mbali inayo ndi imene timaiwala kwambiri. Munthu wagonekedwa mu wodi momwe saloledwa kusuta, tamupezera dozi yomukwana ali wosasuta, watuluka, pa geti pomwepo wagula ndudu, pakatha masabata angapo mankhwala achepa mphamvu m'thupi, matenda ayambiranso, ife nkumati sakumwa mankhwala pomwe munthu akumwa mokhulupirika. Nde amene wayambiranso kusuta atiuze, ndipo adzatiuza pokhapokha ngati akudziwa kuti sitimukalipira.

Tiyi ndi khofi nazonso zili mu gulu lomweli. Caffeine amadutsa njira yomweyo ya chiwindi, ndiye munthu amene wasiya fodya koma akumwabe makapu ake a tiyi wakuda bii, Coca-Cola ndi ma energy drink monga kale, amayamba kunjenjemera, mtima kugunda, tulo osabwera, nkumati ndi kusiya fodya kumene kwandidwalitsa. Muuziretu kuti achepetse ndi theka, ndipo madzulo asamwe.

Chinanso funsani chifukwa chake amasuta nthawi imene amasutayo. Ena amakuuzani kuti ndikamwa CPZ ndimalemera thupi nde ndudu imandidzutsa, ena miyendo siikhazikika chifukwa cha haloperidol nde amangoyendayenda uku akusuta. Pamenepo vuto ndi mankhwala athu, tiyeni tikonze, kaya kusuntha dozi yaikulu ipite usiku, kaya kuitsitsa, kaya kusintha mankhwala. Kumuuza munthu wotere kuti asiye fodya osakonza chomwe chikumusautsa nkumupempha zosatheka.

Kukonzekera tsiku

Akavomera, sankhani naye tsiku mkati mwa masabata awiri akubwerawa, osati mwezi wamawa, osatinso sabata imene kuli ukwati, chinkhoswe kapena mlandu kwa amfumu. Kwa Asilamu mwezi wa Ramadan ndi mwayi chifukwa usana wonse sasuta kale, kwa Akhristu ena nyengo ya Lenti imathandiza chimodzimodzi. Lilembeni tsikulo mu health passport iye akuona. Cholinga ndi choti kuyambira tsiku limenelo olo kukoka kamodzi ayi, chifukwa kamodziko ndi kamene kamabweza anthu ambiri. Amene akuopa kudula kamodzin'kamodzi akhoza kuyamba ndi kuchepetsa, kuchedwetsa ndudu ya mmawa, kusiya kusutira m'nyumba, koma kuchepetsako kukhale ndi tsiku lothera.

Gadiyani muitaneni alowe, wodwalayo akalola. Kwathu kuno munthu sadwala yekha, ndipo amayi ake kapena akazi ake ndi amene adzakhale naye usiku umene chibaba chidzamuvute. Auzeni zoyembekezera: masiku atatu oyamba ndiwo owawitsa, sabata yoyamba yonse ndi yovuta, pofika masabata awiri mpaka anayi zambiri zimakhala zaphwa. Adzakhala wokwiyakwiya, tulo tidzavuta, njala idzachuluka, mutu sudzakhazikika pa chinthu chimodzi. Ngati abale sanauzidwe, akangoona wakalipa amathamanga kukamugulira ndudu okha poopa kuti misala yayambiranso, ena mpaka kumumanga. Asiyanitse: wa chibaba amakwiya koma amadziwa chimene chamukwiyitsa, amalankhula zomveka, ndipo tsiku ndi tsiku zimanka zichepa. Koma akayamba kulankhula yekha, kukayikira chakudya, kukhala masiku osagona koma mphamvu zili tho, kapena kukhumudwa kokana kudya ndi kunena zofuna kufa, abwere naye msanga osadikira deti. Inunso mukamuona mufunseni mwachindunji za maganizo odzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo.

Usiku woti mawa ndi tsikulo achotse zonse, ndudu, machesi, mapepala opichira, kachitini ka fodya wa mphuno, achape malaya ndi zofunda. Apa pali vuto limene mabuku a kunja salidziwa. Wodwala wa ku Kasungu, Dowa, Mchinji kapena Rumphi fodya sagula, ali mu chigafa kuseri kwa nyumba, iye yemweyo ndi amene amasoka ndi kusankha masamba, kungothyola kachidutswa nkupichira basi. Simungamuuze kuti asiye ulimi umene ukudyetsa banja lake, ndipo musayese n'komwe kuyambitsa mtsutso wa fodya ndi chuma cha dziko mu kiliniki, mudzaluza. Muuzeni kuti alimi ambiri a fodya sasuta, kulima ndi kwina kusuta ndi kwina, asamalowe mu chigafa ndi machesi kapena pepala m'thumba, asamagwiremo yekha masabata oyambawo, ndipo ngati nkotheka tsiku losiyira likhale fodya atapita kale ku okushoni. Dziko lathu lomweli, limene limadalira fodya chonchi, linalowa nawo mu pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, nde palibe chachilendo kuti nesi wa boma azithandiza munthu kusiya.

Chibaba chikabwera achite chani

Muphunzitseni kuti chibaba chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa, ndi mphindi zochepa chabe chimatsika chokha, asute asasute. Ntchito ndi kudutsa mphindi zimenezo. Amwe madzi pang'onopang'ono, apume mozama kangapo, adzuke pamene wakhalapo apite kwina, atafune kanthu, nzimbe, chimanga chokazinga, mtedza pang'ono, kapena mswachi wa mtengo. Maswiti ndi zotsekemera ndimachenjeza makamaka kwa amene ali pa olanzapine chifukwa awa amanenepa kale ndipo shuga ali pafupi, muziwayeza sikelo ulendo uliwonse. Yesezani naye mu ofesi momwemo mmene adzakanire mnzake akamupatsira ndudu pa bawo, inu mukhale mnzakeyo, mutambasule dzanja, iye ayankhe kuti "ayi aise, ndinasiya". Zimaoneka zachibwana koma munthu amene wayeseza pakamwa pake samangika tsiku lenilenilo.

Mdani wamkulu wa odwala athu ndi kusowa chochita. Munthu amadzuka, palibe ganyu, palibe womuchezera, tsiku lonse ali pakhonde, ndudu ndiyo imamugawira tsiku. Mukachotsa nduduyo osaikapo kanthu mwasiya dzenje. Kambiranani za dimba, mbuzi, kwaya, mpira, kutunga madzi, chilichonse chimene manja ndi miyendo zingagwire pa maola amene amasuta kwambiri. Mowa ndi chamba musazisiye pambali, ambiri amagwa tsiku limene alawa mowa, ndipo amene amasakaniza chamba ndi fodya akapitiriza chambacho ndiye kuti akusutabe fodya, utsi wa chamba nawonso umafulumizitsa chiwindi chimodzimodzi.

Mankhwala othandiza kusiya

Alipo, ndipo ndi bwino tiziwadziwa olo kuti m'zipatala zathu zambiri za boma sapezeka, chifukwa ena amatha kugula ku ma pharmacy a m'tauni ndipo ena ali ndi abale ku Joni kapena ku UK amene angawatumizire. WHO imavomereza anayi: nicotine wolowa mmalo mwa fodya, varenicline, bupropion ndi cytisine.

Nicotine wa chigamba ndi wa chingamu ndiye wosavuta kwa odwala athu. Amene amasuta ndudu zoposa 10 pa tsiku amayamba ndi chigamba cha 21 mg kwa masabata 6, kenako 14 mg masabata 2, kenako 7 mg masabata 2. Amamata mmawa pa khungu louma lopanda cheya, pa mkono kapena pachifuwa, tsiku lililonse malo ena, ndipo chikamamulotetsa maloto ovuta achotse pogona. Chingamu chilipo cha 2 mg ndi 4 mg, cha 4 mg ndi cha aja oyatsa akangodzuka. Katafunidwe kake anthu amalakwitsa, amatafuna ngati chingamu cha pa okala nde nseru ndi ntchirikitchi, nkutaya. Atafune pang'ono mpaka amve kuyabwa ngati tsabola, achisunge kutsaya, kuyabwako kukatha atafunenso, chonchi kwa mphindi 30. Kuphatikiza chigamba ndi chingamu kumagwira bwino kuposa chimodzi chokha, ndipo odwala athu poti ambiri amasuta kwambiri nthawi zambiri amafunika zonse ziwiri komanso kwa nthawi yotalikirapo.

Varenicline anthu ankamuopa kale kuti amasokoneza mutu. Kafukufuku wamkulu wa EAGLES amene anatuluka mu magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2016, wa anthu oposa 8,000 ndipo pafupifupi theka lawo anali ndi matenda a maganizo okhazikika, sanapeze kuti varenicline kapena bupropion amachulukitsa kwambiri mavuto aakulu a maganizo poyerekeza ndi chigamba kapena mapilisi opanda mankhwala, ndipo varenicline ndi amene anathandiza anthu ambiri kusiya. Amayamba sabata imodzi tsiku losiyira lisanafike, dozi nkumakwera pang'onopang'ono, kwa masabata 12. Amachititsa nseru, nde amwe atadya. Kumuyang'anira munthuyo kukhalepobe.

Bupropion ndiye samalani naye kwambiri. Makiliniki athu a mental ndi omwenso amaona anthu a khunyu, mzere umodzi, ndipo bupropion ndi woletsedwa kwa munthu wa khunyu kapena amene anakomokapo, woletsedwanso kwa amene akusiya mowa mwadzidzidzi ndi amene ali ndi matenda okana kudya kapena kudzisanzitsa, ndipo kwa wa bipolar akhoza kumukweza mutu. Asagulidwe mwachisawawa. Kwa mayi woyembekezera yambani ndi uphungu, za mankhwala akambirane ndi dokotala.

Ngati zonsezi palibe musagwe ulesi nkumati nde palibe chimene tingachite. Uphungu wobwerezabwereza paokha umathandiza, ndipo umenewo tili nawo.

Kumutsata

Muoneni sabata yoyamba, olo pa foni ngati transipoti ili yovuta, kapena HSA wa dera lake akamuone. Kenako sabata yachiwiri, kenako pakutha pa mwezi, kenako ulendo uliwonse akabwera kudzatenga mankhwala muzifunsa, mpaka chaka. Ngati pa tsiku la kiliniki muli ndi anthu atatu anayi amene akuyesa kusiya, akhazikeni pamodzi pansi pa mtengo mphindi 15 mzere usanayambe, amalimbikitsana bwino kuposa mmene ife tingachitire, ndipo amene watha miyezi itatu osasuta akalankhula anzake amamvera.

Mu wodi namo tisinthe zina. Ndudu isakhale mphotho ya amene wasesa kapena wamwa mankhwala mosavuta, isakhalenso chomunyengerera munthu kuti akhale chete, ndipo magadiyani auzidwe kuti asabweretse mobisa mu phukusi la chakudya. Wodwala watsopano amene wayamba kulusa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, musanathamangire jakisoni dzifunseni ngati si chibaba cha fodya, chifukwa munthu amene amasuta ndudu 20 pa tsiku nkumudula mwadzidzidzi popanda chomuthandiza amavutika zenizeni. Ndipo kwa anzanga amene mumasuta, sindikukuweruzani, chibaba sichiona yunifolomu, koma musasute odwala akuona kapena kupemphana nawo moto, ndipo kusuta kwanu kusakutsekeni pakamwa. Mukhoza kumuuza wodwala moona kuti inenso ndikulimbana nazo, tiyeni tiyese.

Ambiri adzagwa, ena kangapo, ndi mmene fodya alili kwa aliyense. Akabwera nkuvomera kuti ndinasutanso, muthokozeni kaye poti wanena zoona, muwerengere masiku amene anakhala osasuta, mumufunse kuti zinachitika kuti, anali ndi ndani, anali atamwa kapena ayi, ndipo pulani yatsopano ikonze pomwe panabowoka paja. Ngati munatsitsa dozi ya clozapine kapena olanzapine ndipo wabwerera kusuta tsiku ndi tsiku, onaninso doziyo ndi wolemba mankhwala sabata yomweyo. Kenako mufunseni ngati ali wokonzeka kusankha tsiku lina, akati inde lembani, akati ayi lembaninso kuti mudzafunse ulendo wamawa.